Mndandanda Wopanda Malume

Anthu a pa msewu wa Malangalanga ku Lilongwe amati ndinapita ku Joni n'kubwerako ndi ukali wokhawokha. Amanama. Ukaliwo ndinapita nawo, ndinabadwa nawo. Chimene ndinabwera nacho n'china, ndipo ndaganiza zochilemba chifukwa ndikati ndichinene pakamwa ndimayamba kukalipa ndisanafike n'pakati pomwe.

Kwathu ndi cha ku Mitundu. Tinabadwa atatu: ine woyamba, kenako mlongo wanga Esinati, womaliza Lameki. Amalume athu atamwalira, mbumba inatsala m'manja mwanga. Aliyense wa kwathu akudziwa tanthauzo lake. Ana a mlongo wako ndi ako. Akadwala amauza iwe, akafuna banja amabwera kwa iwe, akamwalira adzukulu sagwira khasu iwe usanalankhule. Esinati anali ndi ana aakazi awiri, Tadala ndi Chikondi. Tadala ndiye anali wanga weniweni. Dzina ndinam'patsa ndine.

Sukulu ndinalekera Fomu 4. Makompyuta ndinaphunzirira mu shopu ya amwenye ena ku Old Town, kumasula maprinta, kupukuta fumbi, kulumikiza mawaya. Ndinagwira kumeneko mpaka tsiku limene ndinauza mwana wa bwana kuti mutu wake ndi wongosungira chipewa. Mawa lake ndinalibe ntchito. Patapita miyezi ingapo ndinali pa depoti, basi ya ku Joni ikulira. Tadala, ali mu Sitandade 6, analimbikira kusenza chikwama changa pamutu ngakhale chinkamupinda khosi.

“Ankolo, mukandigulire laputopu.”

“Ukhoze kaye mayeso, iwe.”

“Ndikakhoza mubwera nayo nokha, osatumiza pa basi.”

Ndinalonjeza.

Za ku Joni zoyambirira sindinena zambiri, aliyense amene anapitako akuzidziwa. Nyumba imodzi, anthu osawerengeka, mzere wa kubafa m'mawa, chisanu cholowa m'mafupa. Ndinalonderapo, ndinakumbapo ngalande za mawaya. Kenako ndinayamba kutumidwa kukakonza maprinta m'maofesi, ndipo ndi mmene ndinalowera pa kampani imeneyo.

Inali kampani yopanga pulogalamu ya pa kompyuta imene makampani ena ankagula kuti aziyendetsera antchito awo: walowa nthawi yanji, wadwala liti, wapempha tchuthi chanji. Tsiku lina, ndikudikira printa itenthe, ndinakhala pa kompyuta imene inangosiyidwa yotsegula n'kuyamba kudinadina. Sindinathe kudzigwira.

“Pulogalamu yanuyi ndi yopusa,” ndinatero mokweza, m'Chingerezi changa cha ku Mitundu. “Ndalemba kuti ndinabadwa chaka chamawa, yavomera.”

Ofesi yonse inatembenuka kundiyang'ana. Kenako mayi wina wonenepa, wamagalasi, anaphulika kuseka mpaka kugwira tebulo. Anali Mama Dube, manijala wa gulu lonse la opanga pulogalamu.

“Wapezanso chiyani?”

Ndinam'onetsa zina zitatu. Anati ndibwere Lolemba. Ndinamuuza kuti ndilibe digiri, ndilibe mapepala. Iye anati a madigiri ali nawo okwanira, akusowa munthu wamwano amene saopa kunena kuti chinthu chawola. Mapepala anandiyendetsera yekha mpaka ndinapeza pemiti yogwirira ntchito, yolembedwa dzina la kampaniyo.

Ntchito yanga inali yoyesa. Anzanga akamanga, ine ndinkagumula. Ndikapeza cholakwika ndinkalemba tikiti, kutanthauza kakalata ka mu kompyuta konena kuti apa pavunda, konzani. Munthu ngati ine kulipidwa chifukwa chopeza zolakwa za anthu! Ndinkadzuka ndi chimwemwe.

Ndinapezako Mmalawi mnzanga, a Mhango a ku Rumphi, katswiri wolemba mapulogalamu, munthu wofatsa ngati m'busa. Ndi iwo amene ankandikoka malaya pa miting'i ndikayamba kutentha.

“Achimwene, tsitsani giya. Tili kwa eni.”

“Kwa eni ndiye tizinama?”

“Ayi, koma choona chomwecho chinenereni pansipansi.”

Mama Dube anali bwana wa mtundu wina. Zinthu zikaphulika kwa kasitomala, ankalowa yekha kwa eni kampani n'kunena kuti walakwa ndi iye. Akatuluka m'menemo ankabwera kwa ife n'kufunsa kuti tikonza bwanji. Sankafunsa kuti ndani. Ankadya nafe pa tebulo limodzi. Ankadziwa kuti mkazi wa uje ndi woyembekezera, kuti uje akuvutika ndi mano. Loweruka tinkabwera tokha osaitanidwa. Zaka zimenezo ndinkatumiza kumudzi mosadumphitsa, Tadala anapita ku sekondale, Chikondi naye. Laputopu ndinagula, ndinaisunga pansi pa bedi, ndikuti ndidzapereka ndekha.

Tsiku lina ndikuyesa gawo la tchuthi cha maliro ndinaona chinthu. Munthu akafedwa, pulogalamu inkam'patsa mndandanda woti asankhe kuti wamwalira ndani: mkazi kapena mwamuna wako, mwana wobereka, kholo, agogo, m'bale wa bere limodzi. Basi. Ndinalemba tikiti: mulibe malume, mulibe mwana wa mlongo. Mama Dube anandiimiritsa pa miting'i kuti ndifotokoze. Ndinafotokoza za mbumba, za adzukulu. Ena ankaseka, koma iye anagwedeza mutu n'kunena kuti kwawonso kuli achibale amene sungaike maliro iwo palibe. Analamula kuti awonjezere malo akuti “wachibale wina”, manijala azionapo yekha. Tikitiyo inalowa pa mzere.

Tsiku lomwelo ndinapezanso china. Munthu ankatha kunama, kusankha “mwana wobereka” popanda umboni uliwonse. Ndinalembanso tikiti. Imeneyo anaikonza sabata yomweyo, poti makasitomala amadana n'kunamizidwa. Kuyambira pamenepo pulogalamu inkafuna chikalata chosonyeza kuti mwanayo ndi wako. Ndinaiyesa ndekha mbali zonse, ndinaona kuti yatseka ndithu, ndinanyada.

Kenako kampani inagulidwa ndi anthu ena. Mama Dube anakana kuchotsa anthu amene anauzidwa kuti achotse, ndiye anachotsedwa ndi iye. Anatuluka ndi kakatoni, tonse titaima pa zenera ngati ana amasiye.

M'malo mwake munabwera mnyamata wa nsapato zoyera mbee, womwetulira kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mawu ake onse anali a chisangalalo cha antchito, ndiye ine ndi a Mhango tinam'tcha Chisangalalo. Sabata yoyamba anapachika kachipangizo pa khomo lotulukira, kokhala ndi nkhope zitatu: yobiriwira yoseka, yachikasu, yofiira yokwinya. Poweruka aliyense azidina imodzi. Anati n'zachinsinsi. Ine ndinadina yofiira masiku atatu otsatizana, lachinayi ndinaitanidwa kukafunsidwa ngati kunyumba kuli bwino. Kuyambira pamenepo aliyense ankadina yobiriwira. A Mhango ankadina ndi chigongono, osayang'anako n'komwe.

Anaikanso mu makompyuta athu kapulogalamu kowerenga kuti zala zako zagunda kangati. Ukakhala phee kuganiza, kankati ukugona. Anthu anzeru, amene kale ankakangana za momwe angakonzere zinthu, anayamba kumangogwedeza kambewa ka kompyuta uku akufunsira ntchito kwina pa foni. M'mawa uliwonse tinkaima mozungulira ngati ana a sukulu, aliyense kunena zimene wachita dzulo, ndipo chikalakwika funso linali limodzi: ndani? Abwinoabwino anachoka. Tinatsala ife omangidwa ndi mapemiti. Lachisanu lililonse ankatigulira pitsa.

Eni ake atsopano atadandaula kuti matikiti achuluka, Chisangalalo sanakonze kanthu. Anakhala pansi masana amodzi n'kutseka mulu wonse. Pa tikiti yanga ya malume analembapo kuti: si cholakwika. Ndinakalipa pa miting'i mpaka malovu kutuluka. Iye anangomwetulira n'kunena kuti akuyamikira mtima wanga wokonda ntchito.

Linali Lachitatu m'mawa, titaima pa bwalo lathu lija, pamene foni inayamba kunjenjemera m'thumba. Inasiya, inayambanso. Kachitatu ndinatuluka. Anali Lameki.

“Achimwene, khalani pansi.”

“Lankhula, iwe.”

“Tadala watisiya. Anakwera kabaza wa njinga yamoto, pa mlatho paja galimoto inawagunda. Ali ku mochale.”

Tadala anali atangoyamba kumene kosi ya unamwino.

Sindikumbuka kuti ndinabwerera bwanji pa mpando. Ndimakumbuka a Mhango ataima kumbuyo kwanga, ine ndikutsegula pulogalamu yathu yomwe ija, chifukwa nafenso tchuthi tinkapempha mmenemo. Mndandanda unatuluka. Ndinauwerenga ngati sindinauonepo. Mkazi. Mwana wobereka. Kholo. Agogo. M'bale.

“Dinani mwana wobereka,” a Mhango ananong'ona. “Ndani akudziwa?”

“Ifuna chikalata.”

“Palibe njira yozembera?”

“Inalipo. Ndinaitseketsa ndine.”

Tchuthi wamba anali ataimitsa mwezi wonse, poti tinkayenera kupereka pulogalamu yatsopano kwa kasitomala wamkulu. Ndinalowa mu ofesi ya Chisangalalo osagogoda. Anaimirira, anandigwira phewa, anapepesa kwambiri, nkhope ili yachisoni ngati ya pa kanema. Kenako anafunsa kuti malemuyo ndi ndani wanga. Ndinamuuza. Ndinamuuza kuti ndine mwini mbumba, kuti manda sakumbidwa ine ndisanafike, kuti ndikupempha masiku asanu okha, andidule malipiro ngati akufuna.

“Ndikumvetsa ndithu,” anatero. “Koma zimenezi sindigamula ine, imagamula pulogalamu. Ndikakuchitira iwe, mawa aliyense adzakhala ndi mwana wa mlongo wake.”

“Inu ndinu manijala. Sainani pa pepala.”

“Tikangopereka ntchitoyi, masabata awiri okha, upita. Ukapita lero zilembedwa kuti wathawa ntchito. Ndipo ukudziwa kuti pemiti yako ikutha mwezi wamawa.”

Kalata yopempha kuti andiwonjezere pemiti inali pa tebulo pomwepo, yosasaina. Sanailoze. Anangoisuntha pang'ono ndi chala.

Apa ndi pamene ndimalephera kufotokoza pakamwa. Ine amene ndinatukwana mwana wa bwana ku Old Town, ine amene ndinakalipira apolisi pa Beitbridge anthu m'basi akundigwira pakamwa, ndinaima pamenepo manja kumbuyo. Ndinaganiza za mzere wa kubafa, za ngalande, za sukulu ya Chikondi. Ndinadziuza kuti ndikuchitira mbumba yomweyo. Mwina zinali zoona, mwina anali mantha basi. Pakamwa panga panatuluka mawu awiri.

“Chabwino, bwana.”

Kumudzi sindinawauze msanga. Ndinkati mawa ndiyesanso. Lachinayi ndinalembera eni kampani, sanayankhe. Lachisanu masana Esinati anaimba yekha, mawu atasasa.

“Achimwene, mwafika pati? Mwadutsa Tete?”

“Ndikadali kuno, mlongo.”

“Kuno kuti?”

“Ku ntchito. Akundikaniza.”

Kumbuyo kwake ndinkamva azimayi akuimba pa siwa.

“Anthu agona pano masiku awiri kudikira inu. Adzukulu akufunsa. Ndiwauze chiyani?”

“Lameki alankhule.”

“Ndiwauze kuti mwatero inu?”

“Eya.”

Anadula.

Maliro anaika Loweruka. Ife tinali ku ntchito, poti sabata imeneyo kunalibe Loweruka. Nthawi itakwana yoti anyamuke kupita kumanda, a Mhango anabwera, anatseka laputopu yanga, ananditulutsira m'khonde. Anavula chipewa n'kukhala pansi pa simenti, miyendo tambalale.

“Khalani, achimwene. Siwa yathu ndi ino.”

Ndinakhala. Posakhalitsa anatuluka anyamata awiri a ku Zimbabwe, osafunsa kanthu, anakhala pansi. Kenako mayi wina wa ku Congo, kenako mtsikana wa ku Joni konko wa pa telefoni. Tinakhala chete, misana ku khoma. Ndi maliro okhawo amene ndinam'chitira Tadala.

Chisangalalo anadutsa ndi kapu ya khofi. Anaima, anamwetulira.

“Izi ndiye ndimafuna! Umodzi wa timu.”

Anatulutsa foni n'kutijambula. Lolemba lake kasitomala uja anatumiza uthenga woti sanakonzeke, tidikire mwezi wina.

Kalata ya pemiti ija Chisangalalo anasaina. Tchuthi sindinapemphenso, ndikanapita kukaona chiyani, ndi nkhope iti? Ndinkagwira ntchito ngati chitsa. Matikiti ndinasiya kulemba. Ndikaona chowola ndinkangochidutsa, ndipo kapulogalamu kowerenga zala kankati ndine wolimbikira.

Patapita miyezi itatu kunali tsiku la chisangalalo cha antchito. Mabaluni, pitsa, eni kampani atabwera. Chisangalalo anaonetsa pa khoma kuti nkhope yobiriwira ikudinidwa kuposa kale lonse. Anthu anaomba m'manja. Kenako anaonetsa chithunzi chachikulu: ife titakhala pansi m'khonde muja, ine pakati, mutu uli m'mawondo. Pamwamba analembapo kuti ndife banja limodzi.

A Mhango anandigwira malaya, malaya anang'ambika. Ndinazula kachipangizo ka nkhope zitatu kaja pa khoma ndi mawaya ake, ndinakamenyetsa pansi, ndinakaponda mpaka kuphwanyika. Ndinanena zonse, za Mama Dube, za matikiti, za Tadala, theka m'Chingerezi theka m'Chichewa. Alonda ananditulutsa. Ukali umene unasowa tsiku limene ukanandikweza basi unabwera miyezi itatu mochedwa, chifukwa cha chithunzi. Ntchito inatha, pemiti inatha nayo. Zimene ndinkaopa kutaya ndinataya ndithu, maliro ndinali nditataya kale.

A Mhango anandiperekeza ku basi. Akadali komweko. Chaka chatha anandilembera kuti Chisangalalo anakwezedwa, pano akuyang'anira maofesi a m'mayiko atatu.

Nditafika ku Lilongwe ndinapita ku Area 15, kumene Esinati amakhala ndi alamu, amene amayendetsa galimoto ku Kapitolo. Ndinanyamula laputopu ija. Anandilandira bwino, ndipo ndi zimene zinandipweteka. Sanakalipe. Anandikhazika pa sofa, anabweretsa tiyi mu kapu ya alendo, iye anakhala pa mpando wa kutali.

“Mwayenda bwanji?”

“Mlongo, ndabwera kudzafotokoza.”

Ndinafotokoza za mndandanda, za pemiti. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja pa chitenje.

“Achimwene, mukukumbuka Tadala ali Sitandade 3, aphunzitsi atam'menya mpaka kutupa dzanja? Munapita ku sukulu, ahedi anathawira m'chimbudzi.”

“Ndikukumbuka.”

“Ndiye mukundiuza kuti kompyuta inakuletsani?”

Ndinam'sunthira laputopu, ndikuti mwina Chikondi ingam'thandize. Sanaikhudze.

“Mukapatse a Lameki. Nkhani za ana amayendetsa ndi iwo.”

A Lameki. Mwana amene ndinkam'pukuta mamina.

Kumanda ndinapita ndekha. Mnyamata wina woweta mbuzi ndi amene anandilozera, poti sindinkadziwa kuti ndi mtumbira uti.

Pano ndili ndi kabenchi pa Malangalanga, ndimakonza mafoni ndi malaputopu. Anyamata a m'maofesi a ku City Centre amabwera ndi makina awo, makhadi akulendewera m'khosi, akudandaula za mabwana awo. Ndimangowafunsa funso limodzi: ukafedwa, amene amakulola kupita ndi munthu kapena makina? Amaseka, amati madala mwayambapo.

Mwezi wathawu kunali chinkhoswe cha Chikondi, pa kapinga wina wa lendi ku Area 10. Za mwamunayo sindinafunsidwepo. Khadi inandipeza pa foni, yomweyo imene analandira anthu a ku tchalitchi ndi anzake a ku ntchito. Ndinavala jekete yanga ya ku Joni, ndinakwera minibasi, ndinatsika n'kuyenda wapansi m'misewu ya mipanda italiitali ija.

Pa geti panaima mtsikana wovala chitenje cha yunifomu, pepala m'manja.

“Takulandirani, bambo. Muli mbali iti, yachimuna kapena yachikazi?”

“Ndine malume wake wa mkwatibwi.”

Anayang'ana pa pepala, anatsitsa chala mpaka pansi, anakwezanso.

“Amalume afika kale, ali kutsogolo uko. Mwina ndinu a ku tchalitchi?”

Ukali uja unabweranso. Ndikanatha kugwetsa tenti yonse. Kutsogolo ndinaona Lameki ali mu suti, Esinati pambali pake akum'konza kolala. Esinati anatembenuka, anandiona, anandigwedezera mutu mwaulemu ngati mmene umachitira ndi neba, n'kubwerera ku kolala ija.

“Bambo?” mtsikana uja anafunsanso.

“Chabwino,” ndinatero. “Ndiike paliponse.”

Anandipatsa mpando wapulasitiki kumbuyo, pafupi ndi sipika. Ndili pamenepo ndinaonera a kuchimuna akubwera ndi tambala, akuvina, n'kum'pereka m'manja mwa Lameki. Anam'gwira bwino ndithu, miyendo pamodzi, mapiko pansi pa mkono. Ndinam'phunzitsa ndine kugwira nkhuku.